Munda Wophunzirirapo Kuseri kwa Msika: Kodi Tingausenze?

Awa ndi mawu amene Mneneri wa Khonsolo adayankhula pa msonkhano wokambirana za malo a kuseri kwa msika wa paboma. Tawasindikiza monga adayankhulidwira, kuti amene sadafike adzimvere okha.



Ntchito yanga ya masiku onse ndi kunyamula mawu a khonsolo kupita nawo kwa anthu, ndi kubwera ndi madandaulo a anthu kukhonsolo. Lero ndapemphedwa kufotokoza nkhani ya malo aja ali kuseri kwa msika, amene tonse tikudziwa kuti adasanduka dzala. Pa malowa pali maganizo awiri. Ena akuti adulidwe mapuloti, pamangidwe mashopu, khonsolo izitolera ndalama mwezi ndi mwezi. Ena akuti pakhale munda wophunzirirapo, woyendetsedwa ndi bungwe losafuna phindu, umene ntchito yake yambiri idzagwiridwe ndi anthu odzipereka. Sindibisa, Wapampando, mtima wanga uli ku ganizo lachiwiri. Koma mneneri wongonena zokoma zokhazokha sasiyana ndi wotsatsa malonda, choncho ndinena ubwino wake mwachidule, ndipo pa zovuta zake ndikhalitsapo, chifukwa walira mvula walira matope.

Poyamba timvane chimene tikunena. Uwu si munda wa khonsolo wolima chimanga chogulitsa. Sinso munda wachitsanzo wonga umene alangizi amakonza nyengo imodzi, kuchititsa chionetsero, alendo n'kujambula zithunzi, kenako n'kuusiyira nsongole. Tikunena malo otsekula chaka chonse, okhala ndi mabedi a ndiwo zamasamba, nazale ya mitengo, maenje a manyowa, khola la nkhuku ndi akalulu, ndi chisakasa chokhalamo anthu pophunzira. Aliyense alowe osalipira: mwana wa sukulu, mayi wa geni, wachinyamata wosowa ntchito, ngakhale mkulu wopuma ntchito amene manja ake akuyabwa. Ndiwo zidzagulitsidwa ndithu, koma ndalama yake idzabwerera m'munda momwemo, osati m'thumba la munthu.

Ganizoli si latsopano pa dziko lapansi. Ku London, mzinda umene ambiri timauganizira ngati wa nyumba zosanja zokhazokha, kuli munda wotchedwa Kentish Town City Farm, umene udayamba mu 1972 pa malo osiyidwa m'mbali mwa njanji. Anthu a m'deralo adalambula, adabweretsa ziweto, ndipo mpaka lero ana amene sadaonepo mbuzi yamoyo amakaionera kumeneko. Mu 1977 kudabadwa wina waukulu, wa Mudchute, pa malo amene akadamangidwa nyumba anthu oyandikana nawo akadapanda kulimbikira. Pafupi ndi ife, ku Cape Town, bungwe la Abalimi Bezekhaya lakhala likuthandiza anthu a m'makomboni monga Khayelitsha ndi Nyanga kulima ndiwo kuyambira 1982, pa dothi la mchenga loti mlimi wa kuno angaliseke. Mu 2008 adayambitsa njira yogulitsira ndiwozo kwa anthu a mumzinda, yotchedwa Harvest of Hope. Ndatchula malo awa osati kuti tiwatengere monga aliri, ayi. Ndawatchula chifukwa cha zaka zawo. Munda umene wakhala zaka zoposa 50 pakati pa mzinda, malo ali okwera mtengo chotero, uli ndi chotiphunzitsa ife amene zitukuko zathu zambiri zimafa galimoto ya wopereka thandizo ikangokhota pa mphambano.

Ndikudziwa funso limene lili m'mitima ya ambiri, ndipo mkulu wina adandifunsa kale pakhonde la ofesi: kodi Mmalawi n'kumuphunzitsa kulima? Ku London n'zomveka, koma kuno khasu timabadwa nalo. Funsoli ndi loona, koma ndi loona theka. Kalembera wa 2018 adapeza kuti m'dziko muno tidali anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo pafupifupi 16 mwa anthu 100 aliwonse amakhala m'matauni. Masomphenya a Malawi 2063 aika kukula kwa matauni kukhala imodzi mwa nsanamira zake zitatu, pambali pa ulimi ndi mafakitale. Ndiye kuti chiwerengero cha ana okulira m'nyumba za lendi, zopanda ngakhale kamunda ka kuseri, chikukwera ndipo chipitiriza kukwera. Pitani pa sukulu iliyonse ya paboma pano, muonetse ana luni ndi chisoso, muone angati atchule maina ake. Agogo awo amadziwa kufutsa nkhwani, kusunga mfutso m'chikwatu mpaka mwezi wa October. Adzukulu amadziwa mtengo wa mpukutu wa repu pamsika basi.

Ndipo ngakhale ife odziwa khasu, zimene timadziwa ndi ulimi wa mizere ya chimanga, wodikira mvula ndi thumba la feteleza. Kuchokera pamene ndalama ya kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, thumbalo lidathawa m'manja mwa mabanja ambiri. Chaka chotsatira, ng'amba ya El Niño idachititsa boma kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya njala. Luso lofunika tsopano ndi lina: kukolola ndiwo pa malo aakulu ngati mkeka, kubzala m'matumba ndi m'zidebe zotha, kupanga manyowa a chimato kapena a changu, kusakaniza gaga, phulusa, ndowe ndi feteleza pang'ono kuti pakatha masiku 21 patuluke manyowa a mbeya, kuthamangitsa nsabwe za m'masamba ndi madzi a nimu. Zimenezi munthu saphunzira pomva pawailesi. Amaphunzira atagwira ndi manja, wina ali pambali kumukonza. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu adali opinimbira. A zaumoyo amatiphunzitsa za magulu asanu ndi limodzi a zakudya pa chithunzi chopachikidwa kusikelo. Ndi bwino mayi akadzachoka kusikelo adzadutse pa munda, aone mbatata yofiira mkati ya Kadyaubwerere kapena Zondeni ili m'nthaka, atenge mbewu yake apite nayo kwawo.

Pali phindu linanso loonekeratu. Zinyalala zambiri za pamsika wathu ndi zowola: makoko a nthochi, masamba ofota, tomato woonongeka, misinde ya chimanga chootcha. Lero khonsolo imawononga mafuta kuzichotsa, ndipo thirakitala ikafa zimangounjikana. Munda ukakhala pomwepo, wilibala ndi yokwanira. Chovuta n'chakuti ochita malonda ayenera kuvomera kupatula majumbo ndi mabotolo, ndipo apa a komiti ya msika mudzatithandiza, pakuti mawu anu amamveka kumeneko kuposa chikalata cha ofesi yanga.

Tsopano ndilowe m'matope.

Choyamba ndi madzi. Munda wa m'tauni umafa ndi ludzu usadafe ndi china chilichonse. Tiyeni tiwerengere limodzi. M'nyengo yotentha, bedi la ndiwo limafuna madzi pafupifupi malita 5 pa sikweyamita iliyonse tsiku lililonse. Tikakhala ndi mabedi okwana masikweyamita 1,000, ndiye malita 5,000 pa tsiku, kapena ndowa 250 za malita 20. Kuphimbira mabedi ndi udzu kumachepetsa chiwerengerochi, koma sikuchithetsa. Tikati tithirire ndi madzi a pampope olipira, bilu idzadya ndalama yonse ya ndiwo. Tikati titunge m'khwawa lodutsa kumunsi kwa msika, tidzakhala tikuthirira ndiwo za ana ndi zonyansa za tauni yonse, ndipo palibe waiwala kolera imene idayamba mu March 2022 n'kutenga miyoyo yambiri m'dziko muno. Choncho pempho langa ndi lakuti khasu lisagwe pansi mjigo, pampu ya sola ndi thanki zisadapezeke. Ndi bwino kuchedwa chaka chathunthu kusiyana ndi kutsekulira munda mu June ndi nyimbo ndi magule, n'kuutseka mu October mwakachetechete.

Chachiwiri, ndipo ichi ndicho chachikulu, ndi nkhani ya kudzipereka. Mawu awa ali ndi zipsera m'dziko lathu, ndipo tisanamizire kuti sitikuziona. Makolo athu adagwira thangata m'minda ya atsamunda, ntchito yopanda malipiro yolipirira malo okhala, ndipo thangatayo adali chimodzi mwa zifukwa zimene John Chilembwe adaukira mu 1915. Akuluakulu muli muno mukukumbukira sabata ya achinyamata ya nthawi ya Kamuzu, pamene misewu inkalambulidwa ndipo midadada ya sukulu inkamangidwa. Ena mumaikumbukira monyadira, ena mumakumbukira kuti kukana kudalibe. Ufulu wa zipani zambiri utabwera mu 1994, anthu ambiri adataya zonse pamodzi, choipa ndi chabwino chomwe, ndipo ntchito iliyonse yopanda malipiro idayamba kutchedwa thangata. Kenako ife eni maofesi ndi mabungwe tidaonjezera matenda ena, a alawansi. Lero ukaitana anthu ku maphunziro, funso loyamba si lakuti tikaphunzira chiyani, koma lakuti kodi kuli kusaina. Sindikuloza chala wina aliyense. Inenso envelopu ndidailandirapo, ndipo sindidaibweze.

Mbadwo wanga uli ndi chipsera chakechake. Ine ndidadana ndi khasu ndili sitandade 5. Pa sukulu imene ndidaphunzira, munda udali malo a chibalo. Ukachedwa, kumunda. Ukalongolola m'kalasi, kumunda. Kabichi akakhwima sitinkamuona kumene wapita, tinkangoona dengu likulowera ku nyumba za aphunzitsi. Tidatuluka pasukulupo titaphunzira zinthu ziwiri: kuti kulima ndi chilango, ndi kuti wolima si amene amadya. Aphunzitsi muli pano mundikhululukire, sindikunena inu, koma ndikupemphani kuti mwana aliyense wobwera ku munda uno asadzabwere chifukwa walakwa. Adzabwere chifukwa ndi tsiku la kalasi yake, ndipo chimene wabzala adzachikolole yekha n'kupita nacho kwa amayi ake.

Nanga munthu wamkulu adzadziperekeranji? Tisamuyembekezere kuti adzabwera chifukwa chokonda dziko basi. Makolo athu adali ndi dima: mwini munda ankafulula mowa kapena thobwa, anzake n'kubwera kudzalima, mawa gulu lonse n'kupita kwa wina. Palibe ankalandira ndalama, komanso palibe ankabwerera chimanjamanja, ndipo aliyense ankadziwa kuti tsiku lake lidzafika. Apo ndi pamene pasiyana dima ndi thangata. Wodzipereka pa munda uno ayenera kudziwa kuyambira tsiku loyamba chimene adzapeze: luso, mbande ndi mbewu zopita nazo kwawo, gawo la zokolola, chakudya cha pa tsiku la ntchito, ndipo kwa wachinyamata, kalata yomuchitira umboni akamakafunsira ntchito kapena malo ku sukulu ya zaulimi. Ayeneranso kudziwa chimene sadzapeza, ndicho alawansi, ndipo zimenezi zinenedwe poyera, osati monong'ona. Maola akhale owerengeka, mwina m'mawa kawiri pa sabata, kuti mayi wa geni asataye tsiku lonse la malonda. Ndipo kaundula wa obwera asungidwe bwino, chifukwa mikangano yambiri ya m'magulu imayamba tsiku logawana, pamene amene adabwera kawiri afuna mulu wofanana ndi wa amene adabwera miyezi itatu.

Komanso tisadzinamize kuti odzipereka okha angasenze zonse. Minda ya ku London ija ili ndi odzipereka ambiri, koma ilinso ndi antchito olipidwa. Nkhuku sidziwa kuti lero ndi Lamulungu, kapena kuti odzipereka onse apita kumaliro. Pafunika anthu awiri a malipiro: woyang'anira munda wodziwa ulimi ndi kuphunzitsa, ndi mlonda. Ndondomeko ya zachuma imene ilibe malipiro a anthu awiriwa kwa zaka zosachepera ziwiri, musaivomereze, ngakhale nditabwera nayo ndine.

Chachitatu ndi umwini. Chinthu cha aliyense chimasanduka chopanda mwini, kapena chimagwera m'manja mwa wamphamvu mmodzi. Ganizo lili pa tebulo ndi lakuti malo akhalebe a khonsolo, koma abwerekedwe kwa bungwe la matrasti lolembetsedwa mwalamulo, ndi mgwirizano wolembedwa wa zaka zodziwika. Mgwirizano wa pakamwa sudzakwanira, pakuti chisankho chimabwera zaka zisanu zilizonse ndipo akuluakulu a maofesi amasamutsidwa. Palibe wopereka thandizo wanzeru amene angakumbe mjigo pa malo amene chaka chamawa angasanduke malo omwera mowa. M'bungwelo mukhale woimira mafumu, aphunzitsi, ochita malonda, achinyamata, anthu a ulumali, ndi mlangizi wa zaulimi. Olemekezeka makhansala ndi aphungu, ndikupempha modzichepetsa kuti inu mukhale oyang'anira ndi ofunsa mafunso, koma osati osainira ku banki. Nsalu ya chipani chilichonse isapachikidwe pampanda. Tsiku limene mundawu udzadziwika kuti ndi wa chipani chakuti, theka la odzipereka lidzachoka, ndipo chipanicho chikadzagwa theka lotsalalo lidzatsatira. Ndalama zolowa ndi zotuluka zizimatidwa pa bolodi la pageti mwezi uliwonse, kuti wogulitsa tomato aziwerenga yekha popanda kupempha chilolezo kwa wina.

Za ziweto ndinena mwachidule. Tiyambe ndi zazing'ono. Nkhuku zilandire katemera wa chitopa pa nthawi yake. Nkhumba tizisiye kaye, chifukwa chigodola chilibe mankhwala, ndipo fungo lake pafupi ndi msika lingatidanitse ndi anansi tisadayambe n'komwe. Pamene ana akhudza ziweto payenera kukhala madzi ndi sopo. Izi si zongokometsera: mu 2009, pa munda wina wolandira alendo ku Surrey, ku England, anthu 93 adadwala matenda a m'mimba ochokera ku ziweto, ndipo ambiri mwa iwo adali ana aang'ono. Ngati zidachitika kumeneko, kuno sitingazitenge mwachibwana.

Kuba kudzakhalapo. Mpanda ndi mlonda zidzathandiza, koma mlonda woposa onse ndi anthu oyandikana ndi mundawo. Amene khomo lake layang'anana ndi mpanda akhale woyamba kupatsidwa bedi.

Nditsirize ndi ndalama, pakuti a nthambi ya zachuma akhala akundiyang'ana chiyambire. Iwo akunena zoona: mashopu angabweretse ndalama kukhonsolo, ndipo khonsolo yathu ndalama ikuzisowa. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 lidatipatsa mphamvu zotolera ndalama zathu, ndipo sitinganyoze gwero lililonse. Munda sudzabweza ndalama imeneyo. Ngakhale kudzidyetsa wokha ndi ndiwo zokha sudzatha, chifukwa pamsika pomwepo pali alimi a kumadimba ogulitsa motchipa, ndipo si cholinga chathu kuwaphera msika. Ndalama yeniyeni ingachokere ku mbande za mitengo ya zipatso, manyowa a m'matumba, mbewu za ndiwo zamakolo, ndi maphunziro olipiritsa mabungwe amene lero amachitira misonkhano yawo ya zaulimi m'malo ogona alendo, kumene kulibe ngakhale phesi limodzi. Zotsalazo zidzafuna abwenzi akufuna kwabwino, ndipo tisadalire mmodzi yekha. Chimene khonsolo idzapindule ndi mafuta a thirakitala opulumutsidwa, kutha kwa dzala limene limatichititsa manyazi dzinja lililonse, ndi malo amodzi amene alangizi a zaulimi, a zaumoyo ndi a zankhalango angaphunzitsirepo anthu chinthu chooneka ndi maso. Ngati zimenezi zikulemera kuposa lendi ya mashopu, muyeza ndinu. Pali ena apereka ganizo loti mbali yoyang'ana kumsewu imangidwe mashopu, mkati mukhale munda. Ineyo ganizo limenelo sindikulikana, bola mzere wa malire ujambulidwe pa mapu ndi kusainidwa, chifukwa mashopu ali ndi chizolowezi chomakula usiku.

Zimene ndikupempha msonkhano uno ndi izi. A nthambi ya zamalo ayeze malowo ndi kutiuza kukula kwake kwenikweni. A zamadzi aone ngati pansipo pali madzi okwanira ndi aukhondo, poganizira kuti pakhala pakutayidwa zinyalala zaka zambiri, ndipo dothi lake nalo liyezedwe tisadabzalepo chakudya cha ana. Makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a m'madera ozungulira boma akambirane ndi anthu awo, atibweretsere maina a ofuna kudzipereka atauzidwa kale kuti alawansi kulibe. Mainawo akadzachepa, tidzabwera kudzakuuzani chilungamo kuti ganizoli silidapse, ndipo a mashopu adzakhala ndi mpata wawo. Zonsezi zikafika, nkhaniyi ipite ku msonkhano wa khonsolo yonse kuti ikagamulidwe kumeneko. Kaundula wolembamo maina akhala pa ofesi yanga kuyambira Lolemba, ndipo wina akhala ndi a komiti ya msika, kuti amene sangathe kusiya benchi lake alembetse pomwepo.

Wapampando, ndadya nthawi yoposa imene mudandipatsa.